Mbiri ya Kuonera Mbalame pa Nyanja ya Chilwa

Nyanja ya Chilwa, imene ili kum'mawa kwa phiri la Zomba, ndi yosazama ndipo inazingidwa ndi madambo a njedza ndi bango. M'madambomo mumaswana akakowa, atsekwe ndi abakha am'thengo, ndipo m'dzinja mumafikanso mbalame zochokera ku Ulaya.

David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi m'chaka cha 1859. Masiku amenewo munthu wofuna kuphunzira za mbalame ankanyamula mfuti. M'zaka za m'ma 1890, Alexander Whyte, amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston ku Zomba, ankasonkhanitsa zikopa za mbalame zophedwa nazitumiza ku London. Pambuyo pake kunatuluka mabuku ofotokoza mbalame za dziko lino: la Charles Belcher mu 1930 ndi la banja la a Benson mu 1977.

Pang'onopang'ono mfuti inasiyira malo magalasi oonera patali ndi kamera. Wojambula amapalasa bwato mbandakucha, nabisala m'bango modekha kufikira mbalame itayandikira. Iye amabwerera ndi chithunzi, mbalame nitsala yamoyo.

Komabe nyanja ikaphwa, monga mu 1968 ndi 1995, nsomba zimasowa ndipo asodzi amatembenukira ku misampha ya mbalame pofuna ndiwo ndi ndalama. Pangano la Ramsar litayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 1997, Chilwa inakhala dambo loyamba lotetezedwa nalo. Koma chitetezocho chidzapindula pokhapokha anthu a m'mbali mwa nyanjayo ataona kuti mbalame yamoyo nayonso ili ndi phindu kwa iwo.