Kodi onse anakoka ngolo ndi manja? Zimene makaundula amanena za makolo a ku Utah

Pa 24 Julayi chaka chilichonse, dera la Utah ku America limakhala pa tchuthi. M'misewu ya Salt Lake City mumadzaza anthu oguba, mahatchi ndi malipenga, ndipo ana amavala madiresi aatali ndi zipewa zamakedzana, ena akukoka tingolo tamatabwa ta mawilo awiri. Amakumbukira tsiku limene Brigham Young, mtsogoleri wa mpingo wa Mormon, anafika m'chigwa cha Salt Lake mu 1847. Munthu akamamvetsera zokambidwa nyengo imeneyi angaganize kuti banja lililonse la kumeneko lili ndi gogo amene anadutsa chipululu akukoka katundu wake ndi manja, mapazi ataphulika ndi chisanu.

Makaundula savomereza zimenezo. Kuyambira mu 1847 mpaka njanji itafika mu 1869, anthu pakati pa 60,000 ndi 70,000 anayenda ulendo umenewu. Okoka tingolo ndi manja anali pafupifupi 3,000 okha, m'magulu 10, pakati pa 1856 ndi 1860. Ndiye kuti pa anthu 20 aliwonse, 19 anabwera ndi ngolo za ng'ombe. Zinatheka bwanji kuti nkhani ya ochepawa iphimbe ya ena onse? Yankho lake lili m'mbiri ya momwe anthuwa akhala akufufuzira makolo awo.

Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, umene ambiri amangoti wa Mormon ndipo kuno timaudziwira kwa anyamata a malaya oyera oyenda awiriawiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe, unayamba pa 6 Epulo 1830 ku New York. Zaka zake zoyambirira zinali za kusamukasamuka, kuchoka ku Ohio kupita ku Missouri, kenako ku Nauvoo m'dera la Illinois. Munthu amene akuthawa sanyamula mabuku ambiri, n'chifukwa chake wofufuza za nthawi imeneyi amapeza zidutswa zokhazokha. Woyambitsa mpingowu, Joseph Smith, ataphedwa ku Carthage pa 27 Juni 1844, zinaonekeratu kuti ku Nauvoo sikukhalika. Mu Febuluwale 1846 anthu anayamba kuwoloka mtsinje wa Mississippi kuloza kumadzulo. M'nyengo yozizira yotsatira anagona m'misasa ya ku Winter Quarters, pafupi ndi pamene pali mzinda wa Omaha lero, ndipo mazanamazana anafera kumeneko ndi matenda. Manda ambiri a m'njira alibe dzina.

Gulu loyamba la mu 1847 ndi losiyana. Linali la amuna 143, akazi atatu ndi ana awiri, ndipo onse amadziwika mayina awo. Munali alembi. William Clayton anatopa n'kuwerenga pamtima kuzungulira kwa wilo la ngolo kuti adziwe mtunda umene ayenda, mpaka anzake anasema kachipangizo kamatabwa kamene ankakamangirira kuwilo kuti kaziwerenga kokha. Amene gogo wake anali m'gulu limeneli angathe kudziwa pamene anagona usiku uliwonse. Koma magulu ambiri otsatira sanasiye mndandanda wathunthu wa anthu awo, ndipo ofufuza amachita kulumikiza mayina kuchokera m'makalata, m'nyuzipepala ndi m'nkhani za maliro.

Ambiri mwa apaulendowa sanali a ku America. Amishonale anafika ku Preston ku England mu 1837, ndipo patapita zaka uthenga unafika ku Wales, Denmark, Sweden ndi Norway. Otembenuka mtima ankakwera sitima zapamadzi ku Liverpool, kumene ofesi ya mpingo inkalemba dzina, zaka, ntchito ndi kumudzi kwa aliyense. Osauka ankathandizidwa ndi thumba la ngongole lotchedwa Perpetual Emigrating Fund, lomwe linakhazikitsidwa mu 1849: ukafika n'kupeza pogwira, uzibweza kuti mnzako wotsala abwerenso. Mabuku a ngongolezi ndi chuma chenicheni lero, chifukwa anasunga mayina a anthu owomba nsalu ndi okumba malasha amene sakanalembedwa pena paliponse. Msampha uli pa mayina a ku Denmark. Kumeneko mwana ankatenga dzina loyamba la bambo ake, kotero mwana wa Jens Hansen ankakhala Jensen, osati Hansen. Atafika ku America ena anasunga dongosolo limeneli, ena analisiya, mlembi wachingelezi n'kulembanso dzinalo momwe walimvera. Munthu mmodzi amatha kupezeka ndi mayina atatu m'mabuku atatu.

Tingolo tokoka ndi manja tinabwera chifukwa cha umphawi. Mu 1855 chilala ndi dzombe zinawononga mbewu ku Utah, thumba lija linauma, ndipo ng'ombe ndi ngolo zazikulu zinali zodula. Atsogoleri a mpingo anaganiza kuti anthu aziyenda pansi. Kangolo kamodzi kanali ka anthu pafupifupi asanu, ndipo wamkulu ankaloledwa katundu wosapitirira makilogalamu 8, zovala ndi zofunda zomwe. Magulu atatu oyamba a mu 1856 anafika bwino ndithu. Awiri otsatira, la Willie ndi la Martin, ndiwo anaona zakuda. Sitima zawo, Thornton ndi Horizon, zinanyamuka ku Liverpool mochedwa m'mwezi wa Meyi. Atafika ku Iowa City anapeza tingolo tisanakonzedwe, ndipo tinakhomedwa mofulumira ndi matabwa aawisi amene anayamba kuthetheka dzuwa litawaomba. Anachoka ku Florence, m'mbali mwa mtsinje wa Missouri, mu Ogasiti, nthawi itatha kale. Ufa umene unali pafupifupi magalamu 450 pa munthu patsiku unachepetsedwa pang'onopang'ono mpaka kufika pa magalamu 100 ndi pang'ono. Pa 19 Okutobala chipale chofewa chinawagwera ku Wyoming. Ngolo zowapulumutsa zinali zitanyamuka kale ku Salt Lake, koma mtunda unali wautali. Gulu la Willie linafika pa 9 Novembala, la Martin pa 30 Novembala, anthu oposa 200 atatsala m'njira mwa pafupifupi 1,000.

Ine sindiona chifukwa chimodzi chimene chinapha anthuwa. Ndalama zinali zochepa, mauthenga ankayenda pa liwiro la hatchi, mitima inali pa changu chofika, ndipo nyengo yozizira inalawirira. Pofika mu 1861 njira inasintha: ngolo za ng'ombe zinkachoka ku Utah kukatenga anthu kumtsinje wa Missouri n'kubwerera nawo chaka chomwecho. Anthu zikwizikwi anabwera motero, opanda zambiri zosimba. Pa 10 Meyi 1869 njanji ziwiri zinalumikizana ku Promontory Summit, ulendo wa miyezi unasanduka wa masiku.

Chimene chimachititsa anthu a mpingowu kusunga mayina a makolo ndi chikhulupiriro. Mu 1840 Joseph Smith anaphunzitsa kuti amoyo angathe kubatizidwa m'malo mwa abale awo amene anamwalira. Mu Epulo 1894 mtsogoleri wa mpingo, Wilford Woodruff, analangiza kuti aliyense azilumikizidwa m'kachisi kwa makolo ake omubereka, ndipo afufuze mzere wake mpaka pamene angafike. Mu Novembala chaka chomwecho panakhazikitsidwa Genealogical Society of Utah. Kenako mu 1901 panabwera bungwe la Daughters of Utah Pioneers, limene limalandira akazi okhawo amene gogo wawo anafika njanji isanalumikizane. Bungweli linasonkhanitsa nkhani zambirimbiri za mabanja, ntchito yotamandika. Koma zambiri zinalembedwa ndi ana ndi zidzukulu patapita zaka 50 kapena kuposerapo, ndipo nkhani ikamayenda pakamwa ndi pakamwa aliyense amathirako kamchere.

Akazi ndiwo amasowa kwambiri m'mapepala. Ife amene ambiri timawerenga mtundu kuchikazi tingadabwe kuona gogo wamkazi atalembedwa kuti “mkazi wa uje” basi, dzina la kwawo osaoneka. Mitala inawonjezera chisokonezo. Mpingo unalengeza poyera za mitala mu 1852 n'kuileka mu 1890, ndipo m'zaka za m'ma 1880, boma la America litayamba kumanga amuna amitala, akazi ena anabisala kapena kugwiritsa ntchito mayina ena. Lamulo loti ukwati uliwonse ulembedwe kuboma linafika ku Utah mu 1887. Mapepala a kalembera wa dziko lonse wa mu 1890, amene akanathandiza, pafupifupi onse anawonongeka pa moto wa mu 1921 ku Washington.

Zaka zotsatira zinali za makina. Mu 1938 a bungwe la Genealogical Society of Utah anayamba kujambula makaundula a m'matchalitchi ndi m'maboma pa timafilimu ting'onoting'ono, ndipo m'ma 1960 anaboola phiri la mwala kufupi ndi Salt Lake City kuti azitisungamo, timikukuti toposa 2 miliyoni. Mu Meyi 1999 tsamba la mpingowu lofufuzira makolo, FamilySearch, linatsegulidwa pa intaneti, ndipo mu 2021 analengeza kuti timafilimu tonse taikidwa pa kompyuta.

Koma chimene chinasintha kwambiri momwe anthu wamba amaonera makolo awo chinachitika kumidzi ya ku Wyoming kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Akhristu a mpingowu okhala pafupi ndi njira imene magulu a Willie ndi Martin anadutsa anadzifunsa ngati anthu amene anafera m'dera lawo anachitiridwa miyambo ya m'kachisi. Aliyense ankaganiza kuti anthu otchuka chotero sangaiwalidwe. Anagawana mayina, achinyamata nawonso analandira awo, n'kuyamba kuwafufuza pa makompyuta amene anaikidwa m'matchalitchi. Zimene anapeza zinawakhudza mtima: ambiri, makamaka ana ndi anthu amene anamwalira osasiya mbewu, panalibe amene anawakumbukira. Banja likatheratu m'njira, palibe mdzukulu wodzalemba mbiri yake. Anthuwa anamaliza miyamboyo, anaimika zipilala pa Rocky Ridge, pa Rock Creek pamene anthu 13 anaikidwa m'manda amodzi, ndi ku Martin's Cove. Mu 1996 mpingo unagula famu ya pafupi ndi Martin's Cove, chaka chotsatira n'kutsegulapo malo olandirira alendo. Mu 1997 momwemo, pokumbukira zaka 150, mdipiti wa ngolo unayenda miyezi itatu kuchokera ku Omaha kukafika ku Salt Lake, atolankhani akuutsatira. Kuchokera pamenepo achinyamata zikwizikwi chaka ndi chaka amavala zamakedzana n'kukoka tingolo kwa masiku angapo, aliyense atanyamula dzina la munthu wa mu 1856.

Ntchito ya ku Wyoming ija ndimailemekeza, chifukwa inabweza mayina a anthu amene anali atafufutika. Chimene chinalakwika chinadza pambuyo pake. Kangolo kokoka ndi manja n'kosavuta kukhoma, n'kotsika mtengo, ndipo nkhani yake imagwetsa misozi; ngolo ya ng'ombe zisanu ndi imodzi siingapezeke pa msasa wa achinyamata. Choncho m'badwo wonse wakula ukuona ulendo wa zaka 22 kudzera m'milungu isanu ndi umodzi ya chisanu cha mu 1856. Kafukufuku amene anatuluka mu 2014 ku Brigham Young University anaunika apaulendo pafupifupi 56,000 n'kupeza kuti amene anamwalira m'njira anali 3.5 peresenti, chiwerengero chosatalikirana kwambiri ndi cha imfa za anthu a ku America pa chaka nthawi imeneyo. M'magulu a Willie ndi Martin, malinga ndi kawerengedwe ka kafukufukuyu, chinali 16.5 peresenti. Ambiri anayenda, anatopa, anatola ndowe zouma za njati zophikira, n'kufika amoyo. Imeneyonso ndi mbiri, ndipo mdzukulu sayenera kuichitira manyazi.

Intaneti yakulitsa vutoli. Pa FamilySearch mabanja onse ali pa mndandanda umodzi umene aliyense wolembetsa angathe kusintha. Munthu akapeza dzina lofanana ndi la gogo wake pa gulu la Martin, amalumikiza osayang'ana chaka chobadwira kapena mudzi, abale ena n'kukopera, ndipo posakhalitsa cholakwacho chimaoneka ngati umboni chifukwa chalembedwa kambirimbiri. Ofufuza osamala amayenda chobwerera. Amayamba ndi chikalata cha imfa ndi nkhani ya maliro, amapita ku kalembera wa mu 1860 kapena 1870, kenako ku mndandanda wa magulu a apaulendo umene Church History Library imasunga, pomaliza ku buku la sitima ku Liverpool ndi kaundula wa ubatizo kumudzi kwawo ku Ulaya. Nkhani ya m'banja amaisunga, koma amalemba amene anaisimba ndi chaka chimene anaisimba.

Palinso ena amene nkhani ya tingolo inawakankhira kumbali. M'chigwacho ndi m'madera ozungulira munali kale anthu a mitundu ya Ute, Shoshone, Goshute ndi Paiute, amene anataya malo awo osakako nyama ndi madzi awo. Ana awo ena analeredwa m'nyumba za obwerawa n'kupatsidwa mayina atsopano, moti zidzukulu zawo zimavutika kupeza kumene mzere wawo unachokera. M'gulu lija la mu 1847 munali akapolo atatu akuda: Green Flake, Hark Lay ndi Oscar Crosby. Chipilala chakale cha Brigham Young ku Salt Lake City chinawalemba paokha pansi pa mayina ena onse, monga antchito. Onse atatu ankadziwika ndi mayina a ambuye awo, ndipo awiri mwa iwo atamasuka anatchedwa Hark Wales ndi Oscar Smith, choncho wowafufuza ayenera kusaka mayina onse awiri. Jane Manning James, mayi wakuda amene sanali kapolo, anayenda pansi makilomita oposa 1,200 kuchokera ku Buffalo kupita ku Nauvoo mu 1843, n'kufika ku Utah mu 1847, ndipo anakhala kumeneko mpaka imfa yake mu 1908. Mu 2018 akatswiri a mbiri ku University of Utah anayamba kusonkhanitsa pa intaneti mayina a anthu akuda onse amene anabatizidwa mumpingowu pakati pa 1830 ndi 1930, aliyense ndi mapepala omuchitira umboni. Zipilala za Flake, Wales, Smith ndi James zinaimikidwa ku Salt Lake City mu Julayi 2022, patatha zaka 175 chifikireni m'chigwacho.