Sitima ya Zitini ku Mchinji

Ife amene tinakulira ku Mchinji, boma lomwe atsamunda ankalitcha Fort Manning, zidole sitinkagula. Chilichonse chodutsa pamsewu wa ku Chipata chinkathera m'manja mwathu. Malole onyamula mtedza ndi fodya tinkawapanga ndi mawaya, mateyala ake zotsekera mabotolo, chiwongolero chake chofika m'chiuno. Ng'ombe tinkaumba ndi dongo la kudambo, ndipo mpira unali chikulunga cha nsanza.

M'chaka cha 1980 njanji yochokera ku Salima kudzera ku Lilongwe inafika kwathu. Masewera athu anasintha nthawi yomweyo: tinayamba kulumikiza zitini ndi luzi, wotsogolera akulira ngati sitima. Njanjiyo inathera pa Mchinji zaka 30, kufikira mu 2010 pomwe inalumikizidwa ndi Chipata, koma sitima zathu zinkawoloka malire tsiku ndi tsiku popanda chiphaso.

Mwalimu wathu wa kumadrasa sankadana nazo. Ankatikumbutsa kuti nawonso mayi Aisha, Allah asangalale nawo, ankasewera ndi zidole ali mtsikana. Lamulo lake linali limodzi: adhana ikamveka, sitima iime.

Lero ana athu, kuno kumalire ngakhalenso kwanu kunyanja, timawagulira zidole zapulasitiki zimene zikathyoka zimangotayidwa. Yathu ikathyoka tinkaikonza, ndipo m'kukonzamo tinaphunzira kupirira ndi kubwerekana zipangizo. Luso limeneli silinalembedwe m'buku lililonse. Likadali m'zala zathu. Tisanakalambe, tiyeni tiwapatse waya anawa, tikhale nawo pansi.