Ufa, Mchere ndi Tsabola: Mbiri ya Kusankha Poika Mapulogalamu a Sayansi

Tsiku lina pa Mtengowanthenga, m'mbali mwa msewu wa M1, ndinakhala pakhonde la sitolo ndi mphwanga amene amaphunzira za nthaka ndi madzi. Laputopu ili pamaondo, foni ikuimwetsa intaneti, iye ankafuna kuika QGIS, pulogalamu yojambulira mapu, kuti aone mmene madzi a mvula amatsikira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Atangolemba lamulo, kompyuta inakhuthula mndandanda wa maphukusi, n'kufunsa ngati apitirize. Anayang'ana kukula kwa katunduyo, n'kuyang'ananso bandulo yotsala, ndipo anati, "Achimwene, zonsezi n'zanga?"

Funso limenelo ndi lakale kuposa iye.

Poyamba wasayansi ankalandira pulogalamu ili yaiwisi, n'kuiphika yekha pakompyuta yake. Mu 1976 Stuart Feldman wa ku Bell Labs analemba chida chotchedwa make choyendetsa ntchitoyo, ndipo mu 1991 kunabwera Autoconf. Munthu ankati akafuna mbali ina ya pulogalamu amalemba --with, akaikana amalemba --without. Ufulu unali wonse, komanso thukuta linali lonse: pulogalamu ikadalira inzake, umayamba wasaka inzakeyo, nayonso n'kukutuma kwina.

Ma package manager anabadwa kuti athetse kutumidwatumidwa kumeneku. Ntchito yawo ndi ya kapitawo: iwe umatchula chimene ukufuna, iwo amasonkhanitsa zonse zimene chinthucho chimadalira. FreeBSD inayamba ports mu 1994. Debian, imene Ian Murdock anaikhazikitsa mu 1993, inabweretsa dpkg, kenako APT mu 1998. Apa ndi pamene pali nzeru imene ine ndimaigomera mpaka lero. A Debian anagawa katundu patatu. Depends ndi ufa: popanda umenewo nsima palibe. Recommends ndi mchere: ndiwo zikhoza kudyeka popanda, koma ambiri sangafune kutero. Suggests ndi tsabola, wofuna aike yekha. Mayi aliyense wopita kumsika ndi ndalama zoperewera amadziwa kugawa kotere, ndipo amadziwa chimene chimayamba kutsala.

Anthu owerengera ziwerengero anatenga nzeru yofanana. CRAN, nkhokwe ya maphukusi a pulogalamu yawo ya R, inatsegulidwa mu 1997, ndipo mpaka pano install.packages imabweretsa zofunika zokha; ukaonjezera dependencies = TRUE, tsabola yense amabwera nawo. Gentoo, mu 2002, inapita patali ndi USE flags, zimene zimalola munthu kuyatsa kapena kuzimitsa mbali iliyonse.

Kwathu kuno zambiri mwa izi zinafika ndi Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004. Ankatumiza ma CD aulere papositi mpaka 2011, ndipo CD imodzi inkazungulira makompyuta ambiri. Masiku amenewo chimene chinali pa CD ndiye chinali chako. Kusankha kunalibe phindu ngati intaneti inali yokwawa. Koma kuyambira 2008 Ubuntu inayamba kuika Recommends yokha osafunsa. Kwa munthu wa intaneti yosatha, chimenecho ndi chifundo. Kwa wogula bandulo ya tsiku, ndi ndalama.

Kenako mphepo inatembenuka. Conda, imene inatuluka mu 2012, inkapereka mapulogalamu ophikaphika, ongotenga n'kudya. Homebrew ya pa Mac, imene Max Howell anaiyamba mu 2009, inali ndi zosankha zambirimbiri, koma mu 2019 zinachotsedwa m'nkhokwe yake yaikulu. Chifukwa chake n'chomveka: pulogalamu yokhala ndi zosankha 10 ikhoza kuphikidwa m'njira 1,024, ndipo anthu ongodzipereka sangathe kulawa miphika yonseyo. Sindiwadzudzula. Chimandiwawa n'chakuti mphika umodzi wa onse umaphikidwa poganizira amene magetsi ndi intaneti sizimudetsa nkhawa. Kusankha kwenikweni kunathawira kumakompyuta akuluakulu a kafukufuku, kumene Spack ya ku Lawrence Livermore imalola wasayansi kulemba +mpi kapena ~mpi monga afunira. Ogwiritsa Python nawonso anatsala ndi kachitseko kawo, kotchula zoonjezera pambuyo pa dzina la phukusi.

Pakhonde paja ndinamuonetsa mphwanga mawu akuti --no-install-recommends. Mndandanda unafupika, nkhope yake n'kuwala. Koma kukana nakonso kumafuna maso. Zida zolondola njira za madzi kuchokera pamsinkhu wa nthaka zimachokera ku pulogalamu ina yotchedwa GRASS, ndipo pa Ubuntu zimabwera ndi phukusi lapadera, qgis-plugin-grass. Kwa munthu wongojambula malire a munda, ameneyo ndi tsabola. Kwa iye, wofuna kudziwa chigwa chimene chidzakokolole nthaka mvula ikagwa, unali ufa weniweni, ndipo akanakazindikira zimenezi ali kumudzi kumene netiweki imapezeka pachulu pokha.

Tinawerengera bandulo, tinaonjezera phukusi limenelo, n'kudikira mzere ukuyenda pang'onopang'ono batire ikutsika. Zitatha, anasunga mafayilo onse a .deb pafulashi, chifukwa anzake awiri a ku Mponela ankafunanso pulogalamu yomweyo.