Misewu ya alimi yomwe idakana phula: mbiri ya mpikisano wa Paris-Roubaix

Kumpoto kwa dziko la France, cha kumalire ndi Belgium, dziko ndi lathyathyathya moti munthu amaona nsanja ya tchalitchi cha mudzi wachitatu asanafike m'mudzi woyamba. Kulibe phiri loti n'kulitchula dzina. Maso akangoti uku ndi minda ya tirigu, uko ndi mbatata ya kachewere, kwinako ndi mbewu ina ya mizu ikuluikulu yomwe Azungu amapangira shuga. Pakati pa mindayi pamadutsa timisewu topapatiza, toyalidwa miyala yosema, tomwe makolo a anthu akumeneko adapangira ngolo za akavalo. Chaka chonse timisewuti timangodutsidwa ndi mathirakitala. Koma tsiku limodzi la Lamlungu, mwezi wa Epulo, akatswiri opalasa njinga a dziko lonse amadzathyolerana mafupa pomwepo, anthu zikwizikwi ataima m'mbali mwa minda kuwakuwira.

Nkhaniyi idayamba ndi malonda basi. Mzinda wa Roubaix udatchuka ndi mafakitale a nsalu, ndipo m'chaka cha 1895 eni mafakitale awiri, Théodore Vienne ndi Maurice Perez, adamanga bwalo lozungulira lothamangirapo njinga. Bwalo lopanda anthu silibweza ndalama, choncho adaganiza zoyambitsa mpikisano wochokera ku Paris kudzathera pabwalo lawolo. Adapempha nyuzipepala ya zamasewero ya Le Vélo kuti iwathandize, ndipo iyo idatuma mtolankhani wake Victor Breyer kukayendera njirayo. Breyer adapita pagalimoto mpaka ku Amiens, kenako n'kukwera njinga. Mvula idamupeza panjira, mphepo ikumuomba kumaso, miyala ikumugwedeza m'chiuno. Adafika ku Roubaix ali matope okhaokha, atatsimikiza zotumiza uthenga ku Paris woti mpikisanowu usachitike chifukwa ungaphe anthu. Akuti madzulo ake eni mafakitale aja adamulandira ndi chakudya ndi zakumwa, ndipo kutacha mtima udali utatsika. Uthenga uja sudapite.

Pa 19 Epulo 1896 mpikisano woyamba udachitika pa mtunda wa makilomita 280. Adapambana ndi Mjeremani, Josef Fischer, atapalasa maola opitirira asanu ndi anayi, ndipo adalandira ma franc 1,000, ndalama yomwe wogwira ntchito mumgodi wa malasha ankaipeza atakhetsa thukuta miyezi ingapo. Wachitatu adali Maurice Garin, yemwe adadzapambana mu 1897 ndi 1898, kenako n'kukhala munthu woyamba kupambana mpikisano wa Tour de France mu 1903.

Chofunika kudziwa n'chakuti masiku amenewo palibe ankasaka miyala dala. Misewu ya kumpoto idali yotero basi, ndipo msewu wa miyala ndiwo unkatengedwa ngati wabwino poyerekeza ndi wadothi womwe ngolo zinkatitimira m'dzinja. Ngakhale dzina la mpikisanowu loti Gehena ya Kumpoto, lomwe anthu lero amaganiza kuti likunena za miyala, lidabwera ndi nkhondo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idaimitsa mpikisanowu kwa zaka zinayi, ndipo okonza mpikisano ndi atolankhani atapita kukayendera njira mu 1919 adapeza midzi ili bwinja, mitengo itapserera, minda ili maenje a mabomba okhaokha. Mpikisano udachitikabe chaka chomwecho, ndipo adapambana ndi Henri Pélissier.

Chomwe chidatsala pang'ono kuupha mpikisanowu ndi chitukuko. Itatha nkhondo yachiwiri, France idayamba kuthira phula m'misewu yake, ndipo anthu a kumpoto adaulandira ndi manja awiri. Ndani angawanene? Mlimi wonyamula zokolola kupita kutawuni safuna kufika ndi mazira osweka komanso msana wopweteka. Wailesi ya kanema itayamba kuonetsa mpikisanowu, mameya a midzi adachita manyazi kuti dziko lonse likuona umphawi wawo: misewu yamakedzana, nyumba zakuda ndi utsi wa malasha, matope. Zidafika poti mpikisano ukangodutsa pamsewu wina chaka chino, chaka chamawa okonza ankapeza meya atauthira phula. Mu 1964 Peter Post wa ku Netherlands adapambana pa liwiro la makilomita opitirira 45 pa ola, liwiro lomwe lidakhala losapitiridwa mpaka 2017. Pofika 1965 mtunda wa miyala udatsala makilomita pafupifupi 22 okha.

Apa ndiye padali vuto lenileni. Mpikisano wa njinga umakoma pakakhala chinthu cholekanitsa amphamvu ndi ofooka. Kwina ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mapiri. Pachidikha, msewu ukakhala wosalala, gulu lonse limangoyendera limodzi, ofooka akubisala mphepo kumbuyo kwa anzawo, mpaka kumapeto komwe wothamanga wa mamita ochepa amangotola chikho. Ku Roubaix miyala ndiyo idali mapiri awo. Itatha miyala, mpikisano udayamba kufanana ndi wina uliwonse.

Mkulu wa mpikisano, Jacques Goddet, adauza wantchito wake Albert Bouvet, yemwe adapalasapo njinga mwaukatswiri, kuti akasake miyala kulikonse komwe idatsala. Bouvet adasiya misewu ikuluikulu n'kulowa m'minda, kufunsa alimi ndi anthu a m'midzi za tinjira tomwe boma lidatiiwala. Thandizo lalikulu lidachokera kwa Jean Stablinski, mwana wa anthu obwera kuchokera ku Poland, yemwe adagwirapo ntchito mumgodi wa malasha asanakhale katswiri wa dziko lonse mu 1962. Iye adamulozera njira yowongoka yodutsa m'nkhalango ya Arenberg, pafupi ndi mgodi, yotalika makilomita awiri ndi pang'ono, miyala yake yothothoka ndi yotalikirana. Idalowa mumpikisano mu 1968, chaka chomwe Eddy Merckx adapambana koyamba, ndipo Stablinski mwiniwake adapalasa nawo pamwamba pa dera lomwe kale ankakumba pansi pake. Lero pakhomo la nkhalangoyo pali chipilala chomukumbukira.

Pofuna kuti njira ikhotere kum'mawa komwe kudatsala miyala, poyambira padasunthidwa. Kuyambira 1977 mpikisanowu umayambira ku Compiègne, makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Paris, ngakhale dzina la Paris lidakalipobe. Chaka chomwecho wopambana adayamba kupatsidwa mwala weniweni wa mumsewu ngati chikho.

Masiku ano mtunda wonse umakhala makilomita pafupifupi 260, ndipo pafupifupi 55 mwa amenewo ndi a miyala, ogawidwa m'zigawo pafupifupi 30. Makilomita 100 oyambirira ndi phula lokhalokha, mpaka kumudzi wa Troisvilles komwe chintchito chimayambira. Chigawo chilichonse chimapatsidwa nyenyezi, imodzi mpaka zisanu, malinga ndi kuipa kwake. Zanyenyezi zisanu ndi zitatu zokha: Arenberg, Mons-en-Pévèle ndi Carrefour de l'Arbre, yomwe ili makilomita osakwana 20 kuti munthu afike ku Roubaix ndipo ndi pomwe mpikisano umakonda kugamulidwa.

Amene adakwerapo kabaza pamsewu wa fumbi wa mizeremizere akudziwako pang'ono kugwedezeka kwake, koma pano njinga imathamanga makilomita 40 kapena 50 pa ola. Matayala a mathirakitala adatsitsa m'mbali mwa timisewuti n'kusiya msana pakati, ndiye wodziwa amakwera pamsanapo, kapena amatsikira m'kanjira ka dothi kam'mphepete komwe kumabisala minga ndi mapazi a oonerera. Mahandulo sawagwira mothina, amangowasiya kuti azivina m'manja. Giya amaika yolemera kuti tcheni isadumphe. Kuchepetsa liwiro ndiye kudzipweteka, chifukwa tayala limagwera m'mpata uliwonse wa miyala m'malo mouluka pamwamba. Kukakhala dzuwa, fumbi limatseka maso. Kukagwa mvula, dothi lomwe mathirakitala adasiya nthawi yokolola limasanduka sopo. Okonza njinga ayesa nzeru zambiri. Gilbert Duclos-Lassalle adapambana mu 1992 ndi 1993 pa njinga yokhala ndi masipuling'i kutsogolo, koma lero ambiri amangodalira matayala onenepa opopedwa mpweya wochepa.

Ovulala ndi ambiri. Mu 1998 Johan Museeuw wa ku Belgium adagwa ku Arenberg, n'kuphwanya fupa la bondo, bala n'kulowa matenda moti madokotala adaganizapo zodula mwendo. Mu 2000 adalowa m'bwalo la Roubaix ali yekha kutsogolo, atatukula mwendo womwewo, chala chikuloza pabondo. Anzake a dziko lomwelo, Roger De Vlaeminck ndi Tom Boonen, ndiwo adapambana kanayi aliyense.

Ine chimandichititsa chidwi kwambiri ndi momwe manyazi aja adatembenukira. Gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa Les Amis de Paris-Roubaix limakhalira kuzula miyala yomira, kuthira mchenga ndi kuibwezeretsa umodziumodzi ndi manja, mothandizidwa ndi ophunzira a sukulu zaulimi za m'deralo. Mu 2005 Arenberg idachotsedwa mumpikisano chifukwa idali itaipa mopitirira, ndipo maboma a m'deralo, omwe kale ankathamangira phula, adatulutsa ndalama zokonzera miyalayo. Zaka zaposachedwa abweretsanso mbuzi kuti zizidya udzu womera m'mipata yake. Ntchitoyi siitha, chifukwa mathirakitala olemera amaphwanya zomwe zakonzedwa, ndipo oonerera ena amazula miyala kukaika pashelefu kwawo. Pamenepa pali chilungamo chofunika kuchinena: timisewuti tidapulumuka chifukwa midzi idapeza kale misewu ina yaphula yopitira kuchipatala ndi kumsika. Palibe mlimi akadavomera kusunga mwala chifukwa cha chikho cha munthu wina pomwe ndi njira yake yokhayo.

Amayi adadikira zaka 125 kuti aloledwe. Mpikisano wawo woyamba udachitika mu Okutobala 2021, utasunthidwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo Lizzie Deignan wa ku Britain adathawa gulu pachigawo choyamba cha miyala n'kupalasa yekha makilomita oposa 80, mahandulo ake atathimbirira magazi a m'manja. M'mawa mwake Sonny Colbrelli wa ku Italy adapambana wa abambo m'chimvula, nkhope za onse zosazindikirika ndi matope. Mathieu van der Poel adapambana katatu motsatizana, kuyambira 2023 mpaka 2025.

Kumapeto a sabata ya mpikisano, anthu wamba zikwi zingapo amalipira kuti apalase nawo zigawo zomwezi paokha. Masiku ena onse a chaka zambiri mwa njirazi zimakhala zotsegula kwa aliyense, ndipo wanjinga amapatukira thirakitala.