Mbiya Zosungidwa pa Pepala

M'chaka cha 1935 dziko la America linali pa umphawi wadzaoneni. Mafakitale ambiri anali otseka, ndipo pakati pa osowa ntchito panalinso amisiri ojambula, pakuti munthu wanjala sagula chithunzi. Boma la Pulezidenti Franklin Roosevelt linawalemba ntchito yoyendera nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi makomo a anthu, kukajambula ndi utoto wosungunula m'madzi ziwiya zimene makolo a m'dzikomo ankapanga ndi manja. Ntchitoyi inatchedwa Index of American Design. Nzeruyi inachokera kwa amayi awiri a ku New York, Romana Javitz wa m'laibulale ndi Ruth Reeves wokongoletsa nsalu.

Zoumba zinali pakati pa ziwiya zimene zinali kutha, chifukwa mabotolo ndi zitini zinali zitalanda malo ake. Ku Pennsylvania ojambulawo anapeza mbale za Ajeremani amene anasamukira kumeneko kalekale. Woumba ankapaka dongo loyera pamwamba pa dongo lofiira, kenaka n'kumakanda ndi kachitsulo kosongoka mpaka kufiira kwa pansi kuonekere. Motero pankatuluka mbalame, maluwa, munthu wokwera kavalo, ndi mawu a Chijeremani m'mphepete mwa mbale. Kwina anapeza mitsuko yotuwa yosungiramo batala ndi ndiwo. Poiwotcha, moto ukafika pachimake, woumba ankaponya mchere m'ng'anjo, ndipo nthunzi yake inkasiya khungu lonyezimira lokhala ngati la lalanje.

Omvera ena afunsa kuti nanga kamera inalibe ntchito? Inalipo, koma masiku amenewo zithunzi zamitundu zinali zodula ndiponso mitundu yake siinali yodalirika. Dzanja ndilo linkatha kutsanzira kuwala kwa mbiya. Wojambula sankaloledwa kukometsa kanthu. Mng'alu ankaujambula monga mng'alu, pobenthuka monga pobenthuka, ndipo chiwiya chimodzi chinkamudyera masiku ambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti dzina la wojambula linalembedwa, pamene la woumba kawirikawiri linali litaiwalika kale.

Ntchitoyi inatha mu 1942, America atalowa m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Zithunzi zinali zitapitirira 18,000, koma mabuku ambiri amene anafuna kusindikiza kuti amisiri a m'tsogolo aziphunzirapo sanatuluke. Mu 1943 zithunzizo zinaperekedwa ku National Gallery of Art mumzinda wa Washington, kumene zikusungidwa mpaka lero.