Mmene Masamu a ku Koleji Anatsikira ku Sekondale ku America

Dongosolo la masamu limene ophunzira a sekondale ku United States amatsata masiku ano linachita kutsika pang'onopang'ono kuchokera m'makoleji, ndipo nthawi zambiri aphunzitsi a sekondale ankangolandira zimene ena agwirizana kale. Algebra, nthambi ya masamu imene imagwiritsa ntchito zilembo poimira manambala osadziwika, inali phunziro la m'koleji kufikira pamene yunivesite ya Harvard inalamula mu 1820 kuti aliyense wofuna malo kumeneko azifika akuidziwa kale. Makoleji a Yale ndi Princeton anatengera zomwezo m'zaka za m'ma 1840, choncho sukulu zokonzekeretsa anyamata zinalibe pothawira koma kuyamba kuiphunzitsa.

Popeza koleji iliyonse inkafuna zakezake, bungwe la National Education Association linakhazikitsa komiti ya anthu khumi mu 1892, yomwe wapampando wake anali Charles W. Eliot, mkulu wa Harvard, ndipo mbali ya masamu inatsogoleredwa ndi Simon Newcomb, katswiri wa zakuthambo. Lipoti la komitiyo linaika algebra ndi geometry, masamu a maonekedwe ndi miyeso ya zinthu, pakati pa maphunziro ofunika a sekondale, ndipo linanenetsa kuti phunziro liziphunzitsidwa mofanana kwa wophunzira wopita ku koleji ndi kwa amene sadzapitako. Mfundo yomalizayi imamveka yachilungamo, komabe inatanthauzanso kuti zofuna za makoleji, kumene kunkafika achinyamata ochepa kwambiri panthawiyo, ndizo zinakhala muyeso wa ana onse.

Chimene chinadzakhala mtima wa maphunzirowa ndi ganizo la function, lomwe ndi lamulo lolumikiza zinthu ziwiri kotero kuti choyamba chikadziwika, chachiwiri chimadziwikanso, monga mmene ndalama zolipira zimadalirira kuchuluka kwa katundu wogulidwa. Felix Klein, katswiri wa masamu wa ku Germany, analimbikitsa kuti ganizoli lizilamulira masamu onse a sekondale, ndipo lipoti lina lotchuka la ku America la 1923 linagwirizana naye. Ngakhale zinali choncho, wophunzira wa chaka choyamba ku koleji ankatherabe nthawi yake pa algebra yozama ndi trigonometry, masamu a ngodya ndi mbali za zinthu zamakona atatu, n'kudzayamba calculus chaka chachiwiri.

Calculus, masamu owerengera kusintha kwa zinthu, monga liwiro la chinthu pa kamphindi kenikeni kamene chikuyenda, ndi amene anasuntha zonse m'zaka za m'ma 1950. Mayeso a Advanced Placement, amene amalola wophunzira wa sekondale kulemba phunziro la m'koleji, anayamba kuyendetsedwa ndi bungwe la College Board mu 1956, ndipo masamu anali m'gulu la maphunziro oyambawo. Dziko la Soviet Union litaponya chombo chotchedwa Sputnik mumlengalenga mu Okutobala 1957, boma la America linachita mantha kuti latsalira pa sayansi, choncho linathira ndalama zambiri m'sukulu kudzera mu lamulo la National Defense Education Act la 1958, chaka chomwechonso chimene gulu la School Mathematics Study Group linayamba kulemba mabuku atsopano motsogoleredwa ndi Edward Begle. Zambiri za m'mabukuwo zinadzakanidwa ndi makolo ndi aphunzitsi, koma kusuntha kwa maphunziro sikunabwererenso: calculus inakhala phunziro la chaka choyamba ku koleji, ndipo zimene zinkaphunzitsidwa m'chakacho zinasonkhanitsidwa n'kukhala pre-calculus wa ku sekondale. Ichi n'chifukwa chake phunziroli limaoneka losakanizika, pakuti mitu yake inasankhidwa poyang'ana zimene calculus idzafuna.

Kutsika kumeneku sikunafike mofanana kwa onse, chifukwa sukulu za m'madera osauka kawirikawiri zinalibe makalasi oterewa. Mu 1982 ophunzira 18 a mphunzitsi Jaime Escalante, mbadwa ya ku Bolivia, pa sukulu ya Garfield ku East Los Angeles, anakhoza mayeso a calculus, koma oyendetsa mayeso anakayikira 14 mwa iwo kuti anaonera, ndipo 12 amene anavomera kulembanso anakhozanso. Boma la Minnesota linalola mu 1985 kuti ophunzira a sekondale azitenga maphunziro a m'koleji popanda kulipira, ndipo njira zoterezi, zomwe zafala m'madera ambiri, ndizo zabweretsa college algebra, yomwe ndi algebra ya chaka choyamba ku koleji, kwa achinyamata amene sanamalize sekondale. College Board inayambitsa Advanced Placement ya pre-calculus mu 2023, ndipo mayeso ake oyamba analembedwa mu Meyi 2024.