Khansa ya Wilms: kuchokera 1899 kufika lero

Makolo anzanga kuno ku Dedza, khansa ya impso ya ana imatchedwa Wilms potengera Max Wilms, dotolo wa ku Germany amene anaifotokoza mu 1899. Nthawiyo kunali mpeni basi, ndipo ana ambiri ankamwalira. M'zaka za m'ma 1950, Sidney Farber ku Boston anayamba kuwapatsa mankhwala a actinomycin D.

Lero ku Queens ndi ku Kamuzu Central amayamba ndi mankhwala kuti chotupa chiphwe, opaleshoni pambuyo. Ikadwala impso imodzi amaichotsa, inayo imakwanira. Zikadwala zonse ziwiri, cholinga chimakhala kudula chotupa chokha n'kusiya mnofu wabwino uzisefa magazi.

Mukamva cholimba m'mimba pomusambitsa mwana, musangoti ndi kapamba. Thamangirani naye kuchipatala.